Thunthu la Nthochi

Ku Mlonyeni kunali mudzi wina umene anthu ake sankaiwala, makamaka zoipa. Agogo a Kamwendo anabwera m'mudzimo atamangidwa goli pa nkhondo za Angoni, ndipo mpaka mdzukulu wawoyu ankatchedwabe kapolo, monong'ona. Maliro akagwa, wokumba manda anali iye, koma chakudya ankam'patsa m'mbale yakeyake yobenthuka.

Mphunzitsi wina wochokera ku Dedza ndiye anamuuza kuti kutchalitchi onse amakhala benchi limodzi. Kamwendo anabatizidwa, nakhala Greyson, ndipo mtima wake unasangalala ngati wa mwana. Atamwalira mkulu wa banja la a Jere, eni mudzi, khasu la Greyson silinatuluke m'nyumba kukakumba manda.

Palibe anamukalipira, ndipo n'zimene zinamuopsa mkazi wake Imelda.

"Bambo, pitani mukapepese. Masiku ano munthu akangoti wakana kanthu, anthu amati ndi wa Mboni, wokana khadi la chipani. Achinyamata a chipani akabwera, adzakuikirani kumbuyo ndani?"

"Khadi ndili nalo. Komanso ndinabadwira pompano, aliyense akundidziwa," anatero Greyson. Anaiwala kuti wakutsina khutu ndi mnansi.

Tsiku lina masana anamva kulira. Anatuluka n'kuona amuna atanyamula chinthu chokulunga mumphasa, amayi ali pambuyo akulira dzina lake lakale lija. Kumapeto kwa mphasayo kunkaoneka thunthu la nthochi, limene amaika m'manda ngati munthu wafera kutali, mtembo wake osapezeka. Dzenje anali atakumba okha a Jere, anthu oti chibadwire sanagwirepo khasu kumanda. Greyson anawapatsa moni m'modzim'modzi, koma maso awo ankangomudutsa. Apa m'pamene mantha anamugwira.

Sabata isanathe, achinyamata aja anafika ndi zibonga. Wina anali atawatsina khutu kuti Greyson ndi wa Mboni. Khadi analiyang'ana, n'kunena kuti ndi logula dzulo pofuna kubisala, ndipo anamukweza m'galimoto.

Imelda anathamangira kwa mkulu watsopano wa banja la a Jere, nagwada pabwalo.

"Chonde bambo, tiyeni kuboma mukanene kuti ndi munthu wanu. Mawu anu okha akwanira."

A Jere anapitiriza kusoka fodya wawo. Kenaka anayankha mofatsa, mwaulemu ndithu.

"Pepani mayi, chisoni chimasokoneza mutu. Amuna anu tinawaika kale, ndipo manda ake mukuwadziwa."