Zikhatho za Dyson

Lachinayi pa 20 Novembala 2003, Dyson anafika pageti la chipatala kachinayi, ndipo kanayi konseko anatsitsa munthu n'kutembenuza njinga. Anali mnyamata wakabaza wa zaka 19. M'thumba la malaya munali kakalata kokhala ndi nambala, komuitanira kuchipatala, komwe mkazi wake Lenia anabwera nako Lolemba kuchokera kusikelo.

Lenia anali ndi pakati pa miyezi isanu. Anamupeza ndi chindoko, anamubaya jakisoni, ndipo namwino sanapite m'mbali: mwamuna akapanda kubayitsa, matendawo adzabwerera, mwana akhoza kubadwa wakufa. Anatinso chilonda cha chindoko chimatsegulira njira kachilombo ka Edzi, choncho ndi bwino onse awiri ayezetse magazi.

Dyson ankadziwa komwe zinayambira. Mu Ogasiti anakhala masabata atatu kunyanja ya Chilwa, iye ndi mnzake Lekani, akunyamula matemba. Onse awiri ankalowa m'kanyumba kamodzi kaudzu kuseri kwa doko, kwa mkazi mmodzi yemweyo. Mu Seputembala kachilonda kanatuluka kumaliseche. Sikankapweteka, ndipo pofika Okutobala kanali katauma kokha. Iye anati basi, zapita. Tsopano m'zikhatho zonse ziwiri munali timadontho tofiirira, tosayabwa.

Masana a Lachinayilo anabwerera pansi pa mtengo pomwe akabaza ankadikirira anthu. Anakhala, anaima, anapopa tayala lomwe linali lolimba kale.

"Aise, uliphulitsa," anatero Lekani. "Nanga masokosi m'manjamo? Dzuwa lonseli ukumva chisanu?"

"Zogwirira zikundidya manja."

"Zogwirira! Njinga yagulidwa liti kuti iyambe kuluma lero?"

Anzawo anaseka. Dyson anakwera njinga n'kupalasa wopanda munthu mpaka kumsika, kuzungulira, kubwerera. Jakisoni sankamuopa. Chomwe ankaopa ndi kuyezetsa magazi kuja. Chindoko chimapola, koma Edzi anali ataona momwe inamalizira mkulu wake mu 2001.

Atafika kunyumba anapeza Lenia akuanula zovala. Nyumbayo anaimanga pamudzi pa akuchikazi, ndipo kuchokera Lolemba mkaziyo ankagona kwa mayi ake.

"Mwapita?" anafunsa Lenia osatembenuka.

"Anthu anachuluka. Mawa."

"Dzulonso anachuluka." Anapinda chitenje bwinobwino. "Ine ndinagona pabedi paja, anandibaya anthu akumva. Sindinakufunseni komwe munazitenga, ndipo sindikufunsani. Koma mawa dzuwa likapendeka musanapite, ndikawauza amalume. Mudzatenga njinga yanu ndi bulangete. Mwana uyu sindimukwirira chifukwa cha manyazi anu."

Lachisanu mmawa Dyson ananyamula mayi wina wa dengu la nandolo, kenako mphunzitsi. Wachitatu anali bambo wopita kuchipatala. Pageti bamboyo atatsika, Dyson anatembenuza njinga monga mwa masiku onse, koma anakumanizana ndi Lekani akutsitsa wake.

"Wamasokosi! Tiye tibwerere limodzi."

Dyson anaimitsa njinga. Anavula sokosi imodzi ndi mano, n'kutambasula dzanja.

Lekani anayang'ana. Kuseka kuja kunathera pakamwa.

"Si zogwirira?"

"Ndi za kudoko zija. Lenia amupeza nazo."

"Koma chilonda chija chinapola. Changanso chinapola chokha."

"Akuti chimangolowa m'kati."

Lekani anatembenuza zikhatho zake pang'onopang'ono. Zinali zoyera, za zikang'a chabe. Anazipukuta pathalauza n'kuziyang'ananso.

"Ndigwirire njinga," anatero Dyson, akutulutsa kakalata kaja. Kanali katafewa ndi thukuta, koma nambala inkawerengeka. "Akafuna magazi ndiwapatsa. Ndikachedwa, ukamuuze Lenia kuti ndalowa."

Anayenda osacheuka mpaka pakhonde pomwe odwala anandanda pabenchi. Atangokhala, anamva unyolo ukulira kugeti. Lekani anali akumangirira njinga zonse ziwiri kumpanda.