Chikopa cha Mbuzi ya Amake Estina

Mvula inagwa mpaka kutha, chimanga chinalowa m'nkhokwe, koma nkhuku ya amake Estina osaoneka. Ba Whiteson, oimba limba kutchalitchi cha kumtunda kwa Chinyunyu, anatenga chikopa cha mbuzi cha mayiwo kukamatira mvukuto wa limba umene makoswe anaboola. Analonjeza thadzi. Thadzi, osati "Mulungu akudalitseni."

Loweruka masana mayiwo anasiya nthochi zawo zogulitsa pamsewu, natenga mpeni. Anapeza mkuluyo ali yekha m'tchalitchi, atakhala palimba, miyendo itatupa ngati maungu.

"Ba Whiteson, nkhuku yanga. Apo ayi ndimatula chikopa changa manje manje, mawa muziomba m'manja."

"Matulani, amake Estina. Koma muyambe mwaimva mbuzi yanu. Ine miyendo yakana, zopondera izi sindingazithe. Kankhani ndi manja."

"Ndine wantchito wanu ine?"

Anagwadabe, pofuna kuona ngati chikopacho chinagwiradi ntchito. Anaika mpeni pansi. Anakankha thabwa lina, kenako linzake. M'katimo chinthu chinakoka mpweya, fuu, ngati ng'ombe ikudzuka. 

Ba Whiteson anatsitsa zala. Liwu linatuluka lalikulu, lapansipansi, linadzera m'thabwa, m'mikono, mpaka m'mimba mwa mayiwo. Malata ananjenjemera. Mayiwo atasiya kukankha, liwulo linafooka ngati munthu akutsirizika. Anachita mantha, nakankhanso msanga, ndipo linadzuka.

"Mayo! Chili ndi moyo ichi?"

"Moyo wake ndinu. Imbani."

Inali nyimbo ya maliro, yodziwa aliyense. Amake Estina, amene mawu awo ankaimitsa basi ya ku Chipata, anatsegula pakamwa. Mawu awo ndi a limba anakumana m'mwamba, nakhala amodzi, osadziwika kuti munthu wathera pati, thabwa layambira pati. Mpweya ukawathera iwo, limba linkapitiriza, kuwadikira mpaka abwerere. Chibadwire palibe anawadikirapo chotere. Misozi inagwera pazopondera, manja osasiya.

Nyimbo itatha, anakhala chigwadire. Kenako anamina ndi chitenje.

"Nkhuku."

Ba Whiteson anaseka, naloza pakhomo. Kuseri kwa chitseko kunali thadzi lomangidwa miyendo. Mayiwo analinyamula, nalipapasa pachifuwa.

"N'loonda. Koma ndatenga. Ndipo mawa pa Misa wokankha ndine, asayerekeze wina."