Maliro Amene Anadulidwa mu Filimu ya a Jasper

Ine mafilimu a makauboi sindinawakondepo. Azibambo akuluakulu kumangothamangitsana pa akavalo n'kumawomberana, ngati kwawo kulibe minda yoti alime. Koma ntchito yanga inali yosamalira a Jasper, nkhalamba ya zaka 93 ya ku Arlington, ndipo iwo akatha kudya masana ankafuna filimu imodzi yomweyo, imene anaitsogolera okha ali mnyamata. Ndinkachoka ku Germantown m'mamawa, kuwasambitsa, kuwamwetsa mankhwala, kenako n'kukhala pambali pawo kuonerera fumbi la anthu osawadziwa.

Filimuyo imathera pamsewu wa katauni ka m'chipululu. Munthu wina amawomberedwa n'kugwa chafufumimba, ngwazi imapsompsona mtsikana, malipenga amalira, basi yatha. Sabata yachitatu ndinalephera kuugwira mtima.

"A Jasper, nanga malirowo? Munthu angomusiya pamsewu ngati galu wogundidwa ndi galimoto?"

Nkhalamba yolephera kugwira supuni ija inandifinya mkono mpaka kuwawa. Anati papita zaka makumi asanu ndi limodzi, palibe anawafunsapo zimenezo.

Anandiuza kuti mathero enieni anawajambula. Tauni yonse inkasonkhana, wakupha uja n'kukumba yekha manda a amene wamuphayo, popanda nyimbo kapena mawu, kungomveka fosholo ndi dothi. Mabwana a kampani ya mafilimu ataonera anati anthu sangapite ku kanema kukaona munthu akukumba dzenje. Anawatsekera kunja kwa chipinda chodulira filimu, anaitana munthu wina kudzajambula zopsompsonanazo, ndipo tepi ya maliro anaitentha. Amene ankasewera wakufayo anali Foster, mnzawo wa pamtima. Foster anafa pangozi ya galimoto filimu isanatuluke, koma a Jasper, potanganidwa ndi kulimbana ndi mabwana aja, kumaliro sanapite.

Apo ndiye ndinakwiya zenizeni. Maliro a mnzako osapita chifukwa cha filimu? Kwathu ku Mulanje munthu wotere tsiku lake angadzadzinyamule yekha. Ndinawauza momwemo, ndipo sanatsutse.

"Ndikudziwa, Nellie. N'chifukwa chake akundiyang'ana. Taona mutu wakewo."

Ndinabweza filimu n'kuimitsa pomwe Foster wagona. Ndikulumbira, sabata yoyamba nkhope yake inali itabisika m'fumbi. Tsopano tsaya linkaoneka. Patapita masiku atatu ndinaona diso limodzi, lotsegula. Ndinapukuta wailesi ya kanema, ndinasintha magalasi anga, koma diso lili pompo. Ndinayambanso kupeza mchenga wofiira pansi pa bedi, m'nyumba ya pansanjika ya khumi ndi chinayi imene mazenera ake satsegulidwa n'komwe. Ndinachita mantha, sindibisa.

Adokotala anauza Lorraine, mwana wa a Jasper, kuti bambo ake atsala ndi masiku ochepa. Imfayo a Jasper sankaiopa. Ankaopa kukakumana ndi Foster asanamuike m'manda. Ndinawauza kuti kwathu munthu akaphonya maliro amapitabe pambuyo pake kukaona manda, ndipo mtima umakhala pansi. Manda a Foster sankawadziwa, ndiye tinagwirizana kuti timuikire m'chipinda momwemo.

"Koma tichite mmene ndinafunira ine," anatero. "Pasamveke mawu, pasamveke nyimbo. Dothi lokha. Undilonjeze."

Ndinalonjeza.

Lachiwiri masana ndinabwera ndi ndowa ya dothi la m'kadimba kanga ka mpiru, beseni ndi chitenje chakuda. Ndinabweranso ndi Chilufya, mnzanga wa ku Lusaka amene timapemphera limodzi, poti maliro opezekapo anthu awiri okha sindinawaonepo. Tili muchikepe anayamba kale kudandaula.

"Iwe Nellie, maliro ya bwanji yopanda nyimbo? Me, I don't like it. Uyo muntu azaenda bwanji?"

"Khala chete, mwini wake wafuna choncho."

Tinawatsamiritsa a Jasper pamapilo. Tsiku limenelo anali munthu wina, maso akuthwa, chala chikuloza: iwe ima apo, beseni sunthira uko, katani tsekani theka. Tinaimitsa filimu pa Foster, amene tsopano ankatiyang'ana ndi maso onse awiri, ndipo tinamufunditsa chitenje. A Jasper anatsitsa dzanja kuti tiyambe.

Chilufya anaponya dothi m'beseni. Ine ndinaponya. Tinabwerezanso. M'chipinda munali zii, kungomveka dothi likugwa, ndipo kunkamveka ngati likugwera kutali, pansi kwambiri kuposa beseni. A Jasper misozi inali mbwembwembwe, koma nkhope yawo ikuwala. Kunali kutatsala kuti aponye iwo dzanja lomaliza.

Sindinganamizire Chilufya, ndinayambitsa ndine. Kuyambira ndili kamtsikana sindinamvepo dothi likugwera munthu popanda amayi kuimba, ndipo ndinamva ngati tikumutaya Foster kachiwiri. Pakamwa panangotseguka pokha, nyimbo ya kumanda n'kutuluka. Chilufya anaipolokozera nthawi yomweyo ndi mawu ake aakulu aja. Mumtima ndinkati ndikuwakonzera zinthu, mathero awowo akusowa kanthu kamodzi kokha, ndipo akamva adzathokoza.

Titamaliza ndime yoyamba ndinatembenuka. Dothi limene ndinawafumbatitsa anali atalitayira pabulangete. Anandiyang'ana nthawi yaitali, osakwiya, ngati munthu amene wazindikira nkhope yakale ya mmodzi wa mabwana aja.

"Iwenso," anatero.

Anatembenukira kukhoma. Ndinapepesa, ndinagwada, ndinati tibwereze mawa ndipo ndidzadzimanga pakamwa ndi mpango. Sanandiyankhe tsiku limenelo kapena lotsatira. Lachinayi m'mawa anamwalira.

Lorraine anandipempha kuti ndimuthandize kulongedza katundu. Iye atatsika kukatenga makatoni, ndinachotsa chitenje chija n'kuyatsa filimu, ndikupemphera kuti ndipeze msewu wopanda munthu. Malipenga analira, ngwazi inapsompsona mtsikana wake. Kumbuyo kwawo, m'fumbi, munagona anthu awiri. Wachiwiriyo anali wokalamba, wopanda nsapato, atavala masokosi obiriwira amene ndinamuveka ndekha Lachitatu.