Kompyuta Yodzozedwa Mafuta

Ntchito ya makompyuta ndinaiphunzira ku mgodi, ku Kitwe, ndipo mgodi womwewo ndi umene unanditaya. Ataugulitsa anatiuza kuti tikapume kunyumba, ngati kuti tinawadandaulira kuti tatopa. Kuyambira pamenepo ndinkangoyenda ndi kachikwama ka zipangizo ndi madisiketi, kuchoka kwathu ku komboni ya Chimwemwe kupita kulikonse kumene kompyuta yadwala. Zonyansa ndaona zambiri pantchitoyi, koma za ku Ndola zija zinaposa zonse.

Amene anandiitana ndi a Boaz, mkulu wa ofesi pakampani ina ya boma yopanga misomali ndi waya. Nayonso inali pamsika, ndipo ogula ochokera ku Joni anali atayamba kale kulamula za m'katimo. Nditatsika minibasi ndinapeza mashini onse ali zii, udzu utamera mpaka pakhomo la fakitale. A Boaz okha ndiwo ankanyezimira, suti yoyera, nsapato zosongoka, Baibulo m'khwapa.

"A Terence, kompyuta yathu ili ndi mzimu," anatero tisanapatsane n'komwe moni. "Ndipo mwini mzimuwo ndikumudziwa."

Anatero akuloza ndi mlomo mayi wina amene anakhala pakona, manja ali pamiyendo. Mayiyu anali mlembi wa paofesipo, dzina lake Febby, koma aliyense ankangoti amake Joy. Atamva kalankhulidwe kanga anafunsa kwathu, ndipo tinapeza kuti makolo athu tonse ndi a ku Katete. A Boaz atatuluka kukayankha foni, amake Joy anandifotokozera monong'ona mmene zinalili. Anati iwo ndi a Mboni za Yehova, choncho salowa nawo mapemphero a m'mawa amene a Boaz amachititsa mu ofesimo. Ogula amaika zikalata zawo pa intaneti kuti ofesi izitsegula ndi kusindikiza, koma akangodina chikalata, kompyuta imauma, kenako n'kuzima yokha. A Boaz anali atauza kale ogulawo kuti mlembi akuwononga dala katundu wa kampani.

"Ntchito si nkhani kwenikweni," anatero amake Joy. "Nkhani ndi nyumba. Nyumba ya kampani imene tikukhala ku Itawa adzaigulitsa kwa ine ngati tsiku losainirana ndi ogulawo lindipeza ndikadali pantchito. Akandichotsa lisanafike, ine ndi ana tigona panja, poti bambo awo anamwalira."

"Nanga zikalatazo mumazitulutsa bwanji?"

"Ndimainyengerera. Ndikaizima n'kuyatsanso, n'kutsegula chikalata ndisanagwire china chilichonse, nthawi zina imandipatsa masamba angapo isanafe. Ndimasindikiza msangamsanga, n'kuyambiranso. Chikalata chimodzi chimandidyera tsiku lonse. Abwana anayesapo kamodzi, anatsala pang'ono kuiponya pawindo."

Ndinakhala pampando n'kugwira kiyibodi. Mayo ine! Zala zinakakamira. Mabatani onse anali nyanthamu ndi mafuta, fumbi litamatirira pamwamba pake. Ndinanunkhiza chala, kununkha kwake ngati chiwaya cha tchipisi chimene sichinatsukidwe chiyambire chaka.

"Ichi n'chiyani?"

"Mafuta odzozera," anayankha a Boaz ali pakhomo, monyadira ndithu. "Timaidzoza Lolemba lililonse."

Ndinatsegula bokosi la kompyuta. Ndikanadziwa ndikanayamba ndamanga mpango pamphuno. Munthu wamkulu, wa ndevu zake, ankathira mafutawo m'timabowo tolowera mphepo! Mphemvu zinali zitamanga mudzi m'menemo, zazikulu ndi ana omwe, zonenepa bwino. Zina zinathamangira m'manja mwa malaya anga. Ndinalumpha n'kutukwana m'Chibemba, chifukwa kutukwana m'chinenero cha amayi anga pamaso pa amake Joy sindikanatha.

"Mwaona!" anakuwa a Boaz. "Zikutuluka!"

"Abwana, izi ndi mphemvu. Zabwera kudzadya mafuta anu."

Ndinanyamula bokosilo kupita nalo panja, n'kulipukuta ndi sipiriti mpaka nsalu inada bii. Mumtima ndinkaganiza kuti matenda ndi omwewo. Awe! Nditalumikiza zonse n'kudina chikalata, kompyuta inauma ngati kale, sikirini n'kusanduka yabuluu, basi yafa.

Ndinayamba kufufuza chimodzichimodzi. Ndinaika disiketi yanga yosakira mavairasi, sinapeze kanthu. Ndinazula memore, kachipangizo kamene kompyuta imakumbukirira zinthu, n'kuika yanga, chimodzimodzi. Ndinapempha amake Joy kuti alembe kalata, inalembeka bwinobwino. Makalata a pa intaneti ankalowa ndi kutuluka popanda vuto. Masamba ena onse a pa intaneti ankatseguka, pang'onopang'ono monga mwa foni za ku Ndola, koma ankatseguka. Imfa inkabwera pamalo amodzi chabe, munthu akadina chikalata cha ogula aja.

Apa m'pamene ndinachigwira. Pali kapulogalamu kakang'ono kamene kamamatiridwa ku pulogalamu yoyendera pa intaneti, ife timakatcha pulagini. Ntchito yake ndi kutsegula chikalata momwemo, munthu asanachisunge. Kamene kanali m'kompyutayi kanali kakalekale, pamene pulogalamu ya intaneti inali yatsopano. Ziwirizi zikakumana zinkalimbana ngati akazi a mitala pakhomo limodzi, mpaka nyumba yonse kugwa.

"Ndani anaika pulogalamu yatsopanoyi?" ndinafunsa.

A Boaz anayang'ana kudenga. Kenako anati inabwera pa sidi imene m'bale wina wa kutchalitchi anawapatsa, ndipo anaika okha tsiku lina Loweruka. Amake Joy anangowerama.

Mtima wanga unawira. Munthu wawononga yekha, wathira mafuta, waweta mphemvu, kenako n'kumaloza mayi wamasiye kuti ndi mfiti? Ndinatsimikiza kuti sindichoka asanaone ndi maso awo.

"Abwana, khalani apa. Dinani nokha chikalatachi."

"Ine manja anga ndi odzozedwa."

"Ndiye bwino kwambiri. Dinani."

Amake Joy ndinawapempha kuti atuluke akaime pabwalo, kutali, kuti pasakhale chonamizira. A Boaz anapemphera pang'ono m'malilime, n'kudina. Kompyuta inafa nthawi yomweyo. Ndinaseka, sindibisa. Ndinayatsanso, n'kulowa m'kati mwa pulogalamu, n'kuchotsa kapulagini kaja. Ndinakonza zoti chikalata chizisungidwa kaye m'kompyuta, kenako chizitsegulidwa ndi pulogalamu yake yowerengera payokha.

"Dinaninso."

Anadina. Chikalata chinatsika, n'kutseguka chonse mpaka tsamba lomaliza. Anadina china, chinatseguka. Makina osindikizira anayamba kulavula mapepala osapuma.

Ndinaitana amake Joy. Ataona mapepalawo anagwira pakamwa, misozi ili lengelenge. Anandigwira dzanja ndi manja awiri, akuti zikomo, zikomo a Terence, mwandichotsa manyazi. Ine ndinatembenukira kwa a Boaz ndikudikira kuti apepese, kapena achite manyazi pang'ono chabe. Ndinawauza kuti ayimbire ogula aja awauze kuti mayiyu alibe mlandu.

A Boaz sankandimva n'komwe. Maso awo anali pa sikirini, akudina ichi, akudina icho, nkhope ikuwala ngati mwana amene wapatsidwa njinga.

"Ndiye ndi basi?" anafunsa. "Kudina apa, kenako apa?"

"Basi."

"Ngakhale ine nditha ndekha?"

"Mwatha kale, si nanga mwasindikiza nokha."

Anatsamira kumbuyo kwa mpando n'kumwetulira. Kumwetulira kumeneko sindidzakuiwala, kunali kwa munthu amene waona nyama yagwa yokha m'mbale mwake. Anatola foni pomwepo, ife tili chiimire, n'kuyimba ku Joni. Analankhula Chingerezi chofewa, chogwada. Anati vuto la kompyuta alithetsa iwo. Anati mlembi alibe mlandu, inde, anamuganizira molakwa. Kenako anati popeza ogula akhala akudandaula kuti anthu achuluka mu ofesi, iwo apeza pochepetsera, chifukwa ntchito ya zikalata aziigwira okha, ndipo malo a mlembi sakufunikanso kuyambira kumapeto kwa sabata yomweyo.

Ndinamva ngati ndameza mphemvu imodzi mwa zija.

"Abwana," ndinatero ataika foni, "tsiku losainirana silinafike. Mukudziwa kuti mayiyu ataya nyumba?"

"Ine sindinamuchotse chifukwa cha mlandu, a Terence. Mwamva nokha, ndamuyeretsa. Kale sindikanatha kumusiya apite, chifukwa ndi yekhayo amene ankaitha kompyutayi. Manje Mulungu watsegula njira, ndipo wadzera mwa inu."

"Musanditchulire Mulungu ine! Mukakwera pamsana pa njovu musamati pansi palibe mame. Mawa azungu omwewa adzapeza wina wodina m'malo mwanu."

Anangoseka, n'kunena kuti anyamata a ku Kitwe pakamwa mpoyipa. Anandiitana kuti tigwirane manja tithokoze. Ndinabisa manja anga kumbuyo. Kunena zoona, ndikanasankha kugwiranso mphemvu zija ndi manja osavala kanthu.

Amake Joy sanalire, sanatukwane. Anapita pakona pawo paja, n'kuyamba kusanja mapepala amene a Boaz anasindikiza, tsamba ndi tsamba, n'kuwamanga bwino ndi kapini. Zimenezi ndiye zinandinyansa koposa, kuona munthu akukonzera bwino amene wangomudula khosi. Ndinalonga zipangizo zanga n'kutuluka osatsazika.

Ndili pageti ndinamva mapazi kumbuyo. Anali amake Joy, akuthamanga pang'ono, nsapato zikuwavuta pamiyala. Anaima pafupi nane, anayang'ana kuofesi kuti aone ngati a Boaz ali pawindo, kenako anatsitsa mawu.

"A Terence, ndifunseko. Musandiseke."

"Funsani, amayi."

"Kompyutayo, kodi singadwalenso? Ngakhale kwa masabata ochepa chabe, mpaka asainirane?"

Ndinawayang'ana. Mayi wa Mboni, woti bodza salidziwa, wafika popempha kuti chinthu chimene chinamuzunza miyezi yonseyi chibwerere. Ndinaganiza zolowanso, koma ndi chifukwa chanji? A Boaz anali atakhala kale pampando uja, ndipo kapulagini kaja ndinali nditakafufuta konse, pamaso pawo. Ndinafunafuna bodza labwino loti ndiwapatse apite nalo kunyumba, silinapezeke.

"Iyayi, amayi," ndinatero. "Ndakonza bwino."