Ndinati Nyanja Yagona

Achimwene anga a Sidiki anakhala masabata atatu m'chitokosi ku boma la Salima, ndipo ntchito inawathera pomwepo. Kwathu ku Senga Bay aliyense amati anawalakwira ndi Mateyu. Ine ndinakhala nthawi yaitali osauza munthu, ngakhale amayi, kuti mlandu umene achimwene anasenzawo unali wanga.

Chinali chaka cha 1984. Ndinali nditalemba mayeso a Sitandade 8 koma sindinasankhidwe kupita kusekondale, ndiye ndinkangotsatira achimwene kuntchito. Iwo ankasamala timabwato tinayi ta hotela ina ya pagombe, timene alendo ankakwera pozungulira pafupi ndi mtunda. Sitinali ngati mabwato athu ogoba pamtengo. Tinali topepuka, tokwera munthu mmodzi atatambalala, ndipo nkhafi yake inkapalasa mbali zonse ziwiri. Ntchito yanga inali kutsuka majekete oyandamitsa munthu m'madzi ndi kuwayanika. M'mawa alendo asanadzuke, achimwene ankandiphunzitsa kupalasa nditamanga chitenje zolimba.

Mateyu ndinkamudziwa kale. Anali wa ku Chitala, mmodzi mwa anyamata a malaya ofiira amene ankaima pachipata cha msika ku boma kufunsa makhadi a chipani. Ndili mu Sitandade 7, amayi anandituma ku boma nditangoweruka, yunifolomu ili m'thupi. Khadi ndinali nalo. Analiona nandibwezera, kenako anayang'ana miyendo yanga.

"Gwada."

Ndinagwada pafumbi. Yunifolomuyo inali ya chaka chachitatu, ine nditatalika, ndipo mpendero wake sunakhudze pansi. Anatulutsa lezala m'thumba nayamba kudula ulusi wa mpenderowo kuti nsalu itsike. Kaya dzanja linaterereka kaya anachita dala, nsalu inang'ambika mpaka m'ntchafu. Amayi ogulitsa tomato ena anaseka, ena anayang'ana kumbali.

"Ukawauze amako kuti dziko lino si la mahule," anatero.

Ndinayenda mpaka kudepoti nditagwira nsaluyo ndi manja awiri. Kunyumba ndinati ndinakodwa ndi waya.

Ndiye mu Novembala wa 1984 munthu yemweyo anatulukira pagombe pathu, malaya omwe aja, nsapato zopolishidwa. Ankafuna Gladys, mtsikana wolandira alendo pahotelapo, ndipo Gladys anali atamuseka kuti iye sangakwatiwe ndi mwamuna woopa madzi.

"Ndiwe Sidiki? Undiphunzitse kanthu aka. Lero lomwe."

Achimwene sakanakana. "Chabwino, bwana. Tiyambe ndi jekete."

"Jekete, kutentha konseku?"

"Mukagwa likunyamulani. Kusambira mumatha?"

"Ine ndinawoloka mtsinje utadzaza, njinga ili paphewa."

"Mtsinje tsidya lake limaoneka, bwana. Pano tsidya ndi ku Makanjira."

Anavala, koma osamanga zingwe, kuti baji ya pachifuwa izioneka. Achimwene analowa m'madzi mpaka m'chiuno atagwira kabwatoko kumbuyo, namuuza kuti akanikize mawondo m'mbali, alowetse nkhafi pafupi ndi phazi n'kuitulutsa ikafika pachiuno. Mateyu ankakumba madzi ngati akulima mzere, dzanja lamanja lokha, ndipo kabwato kankangozungulira pamalo amodzi. Anafuna kuimirira kuti akhale bwino, n'kugwa chagada. Gladys pakhonde anabisa pakamwa ndi buku la alendo.

"Musamaimirire, bwana. Ndipo mukagwa kutali musalisiye bwato. Nkhafi ipite, nsapato zipite, inu gwirani bwato. Mutu wa munthu m'madzi suoneka, bwato limaoneka."

"Ndamva."

"Mukuchiona chigubu chofiira icho? Ndiwo malire. Muziyenda motsata gombe, ndipo musapite nokha osauza munthu. Tsopano za mphepo..."

"Iwe, ndabwera kudzapalasa, osati kusukulu."

Atatuluka anandiyang'ana kumaso. "Iwe mtsikana, ndibweretsere nsapato zangazo." Sanandizindikire. Chaka chathunthu ine ndikumuona ndikangotseka maso, iye osakumbuka n'komwe. Zimenezo zinandiwawa kuposa lezala lija.

Zimene anakana kumvazo mwana aliyense wa pagombe amazidziwa. Mphepo za mwera ndi vuma sizibisala. Mafunde amabwera akuchita thovu, ndipo ngakhale wa kumunda amaona yekha kuti lero ayi. Koma zambwe amachokera kumtunda, kumbuyo kwako. Pafupi ndi gombe madzi amakhala bata ngati ali m'beseni, chifukwa mitengo ndi nyumba zatchinga. Ukapitirira pang'ono, mphepo imakugwira pamsana n'kukukankhira pakati, ndipo wophunzira kumene sangabwerere.

Lachinayi abwana a hotela anatuma achimwene ku boma kukagula guluu womatira kabwato kena. Ananyamuka m'mawa kuli zii, nandisiyira kiyi wa tcheni chomangira timabwato. Cha m'ma teni koloko ndinamva fungo la utsi wa m'minda. Masamba a mango anayamba kugwera m'madzi n'kumayandama molunjika pakati. Asodzi a kumunsi kwathu anali akukokera mabwato awo pamchenga.

Mateyu anafika nthawi imeneyo.

"Mkulu wako ali kuti?"

"Apita ku boma."

"Tsegula. Lero Gladys aone."

Ndinatsegula. Mpaka pamenepo ndikhoza kunena kuti ndinkaopa, ndipo n'zoona. Koma atavula nsapato anaima m'mphepete mwa madzi, nayang'ana kutali nthawi ndithu. Mawu ake anatsika.

"Iwe ndiwe wa kuno. Nyanja ili bwanji lero?"

Anandifunsa ngati munthu. Ndikanati kuli zambwe, bwana, dikirani mawa, ndikudziwa kuti akanamvera, chifukwa mantha ndinawaona. Ndinayang'ana thumba la malaya ake, mmene munkakhala lezala.

"Nyanja yagona," ndinatero.

Ndinamusankhira kachikasu, kopepuka kuposa tonse, kamene mphepo imakatenga ngati tsamba. Ndinakagwira iye akukwera. Majekete anali m'beseni, onyowa. Sanafunse, ine sindinamukumbutse.

Kwa nthawi yoyamba kabwato kanamuyendera molunjika, poti mphepo ndiyo inkagwira ntchito. Anakweza nkhafi m'mwamba kuonetsa Gladys. Gladys anamukupizira dzanja n'kulowa m'kati, kunali alendo. Anadutsa chigubu chofiira osachiyang'ana n'komwe. Patsogolo pang'ono, pamene madzi amayamba kuda, ndinamuona akuyesa kutembenuka. Kabwato kanapereka nthiti kumphepo n'kukana. Anakumba kumanja, anakumba kumanja, kanazungulira n'kuyang'ananso pakati.

Ine ndinakhala pansi n'kuyamba kutsuka majekete. Ndinatsuka loyamba bwinobwino, ndi zingwe zomwe, n'kukaliyanika. Malaya ofiira aja anali atachepa ngati tsabola. Ndinamva mawu ake kamodzi, mphepo inawauluza. Ndinatsuka lachiwiri. Sindinama, mumtima munali mozizira bwino, ngati wamwa madzi a mumtsuko kunja kukutentha. Ndinkati aone mmene zimakhalira anthu akukuyang'ana osakuthandiza. Ndili pa lachitatu, chikasu chija chinagudubuka, kufiira kuja n'kusowa.

Komabe ndinayamba ndayanika lachitatulo ndisanathamange. Chimenechi ndicho chimandivuta kwambiri kulemba.

Ndinathamangira kwa a Mustafa, amene anali ndi boti la injini. Anatukwana, natenga anyamata awiri. Anakamupeza atapitirira chilumba cha Namalenje, atakumbatira kabwato kogadabuka, zala zitauma moti anachita kumukanganula. Pa zonse zimene achimwene anamuuza, anagwira chimodzi chokhacho, ndipo n'chimene chinamupulumutsa. Nkhafi inapita, buluku linapitanso, poti analivula likumulemera. Anatsika pagombe atamukulunga thumba la usipa, nagwa chogwada n'kusanza madzi. Amayi oyanika nsomba anabwera onse. Ena anaseka, ena anayang'ana kumbali. Gladys anaima pakhonde osatsika. Ine ndinaima kutsogolo penipeni, nditanyamula nsapato zake, ndipo ndinakondwa. Astaghfirullah, Mulungu andikhululukire, ndinakondwa.

Chimene sindinaganize n'chakuti munthu ngati uja sachita manyazi yekha. M'mawa mwake kunabwera galimoto ndi anzake anayi. Mateyu anali atanena kuti anthu a pagombe anapangana kumiza munthu wa chipani, ndipo ankafuna amene anatsegula tcheni. Achimwene anandikankhira kuseri kwa timabwato.

"Ndine," anatero. "Ndinamuuza dzulo lake kuti akabwera angotenga. Mwanayu anangomvera ine."

Akuwakweza, anandiuza motsitsa, "Asiya, iwe khala chete. Ukanamukaniza bwanji munthu ngati uja?"

Ndinakhaladi chete. Amayi ankapita ku boma ndi chakudya n'kubwera nacho. Patatha masabata atatu achimwene anawamasula opanda mlandu, ataonda, khutu lamanzere litasiya kumva. Kuhotela anali atalemba kale munthu wina. Anayamba kupita kunyanja ndi a Mustafa ngati wokoka khoka wamba, iwo amene ankavala yunifolomu yoyera n'kumaphunzitsa alendo. Sanandifunsepo kanthu. Akapeza kampango wabwino ankandipatsa mutu, monga kale.

Mateyu ndimamuonabe pachipata cha msika. Akandiona amayang'ana kwina, poti ndine ndinamuona ali m'thumba la usipa. Kwa iye sindimva chisoni, ndayesa koma sichibwera.

Mu Malichi, tsiku lina masana titachoka ku Juma, mapemphero a Lachisanu kumzikiti, ndinawapeza achimwene pansi pa mtengo akusoka khoka. Ndinakhala pambali n'kumawagwirira kuti lisapotane. Kenako anati, osandiyang'ana:

"Ukudziwa chimene ndinkaganiza ndili m'kati muja? Ndinkati cholakwa ndi changadi. Ndinakuphunzitsa kupalasa, kutembenuka, zonse, koma zambwe sindinakhale nawe pansi kukuonetsa bwino. Ndinangoti mwana wa pagombe akudziwa. Akanafa munthu uja, ukanakhala nazo moyo wako wonse chifukwa cha ulesi wanga."

"Achimwene."

"Ndiye mawa m'mawa tipite. Ndibwereka bwato, ndikakuonetse mmene masamba amayendera."

Ndinanena, koma ndinali kumanzere kwawo, kukhutu losamva lija, ndipo mawu anga ndi aang'ono. Anapitiriza kusoka. Ndikanatha kusiyira pomwepo n'kumadziuza kuti ndanena. Ndinasiya khoka, ndinazungulira, n'kugwada kumanja kwawo.

"Achimwene, zambwe ndinamuona. Masamba ndinawaona, utsi ndinaumva. Mateyu anandifunsa ngati nyanja ili bwino, ine ndinamuuza kuti yagona. Ndinachita dala, chifukwa yunifolomu yanga ija sinang'ambidwe ndi waya, anang'amba ndi iyeyo pamsika. Ndinkafuna amire. Munamangidwa chifukwa cha ine."