Mphira Zotchinga Miyala

Chaka chimene zipani zinachuluka, a Reinford anagula ngolo yachitsulo yokoka ndi galimoto. Anali ndi esiteti ya fodya m'mapiri a kumalire a Dowa ndi Ntchisi, ndipo tsopano ankafuna uphungu. Ngoloyo inali nsanja yawo pamisonkhano. Kutsogolo kwake anaimikako thabwa lalitali, ndipo wolemba zikwangwani wina wa pa Mponela anajambulapo nkhope yawo ndi penti, ikumwetulira, mano onse pamtunda.

Misewu ya kumeneko ndi ya miyala. Matayala akumbuyo a galimoto amatola timiyala n'kumatiponya m'mbuyo, pamene panali nkhope paja. Choncho makaniko anawotcherera chitsulo chopingasa pa chokolera ngolo, n'kupachikapo mphira ziwiri zazikulu, zolendewera mpaka kukhudza dothi. Mwala ukauluka unkagunda mphira n'kugwa. A Reinford ankazionetsa kwa mlendo aliyense wovala nsapato, koma antchito awo sanawauzepo ntchito yake.

Elifala anali tenanti pa esitetipo, wochokera kummwera kumene kwawo kunalibe malo olima. Mkazi wake, Tabita, anali atabereka mwana wakufa, ndipo chichokereni kuchikuta magazi sanaleke. Thupi linkatentha ngati mbaula, koma iye ankangoti akumva kuzizira. Elifala anakagwada pakhonde la bwana, chipewa chili m'manja.

"Mawa ndili ndi msonkhano kutsidya kwa msewu wa tala," anatero a Reinford. "Chipatala chili panjira. Mukwera. Koma galimoto utsuke, ndi ngolo yomwe. Ndizidziona nkhope pachitseko."

Elifala anatsuka madzulo omwewo, dzuwa lisanalowe. Atafika pa mphira zija anaona kuti m'munsi mwake mwayamba kunyenyeka chifukwa chokhula pansi. Pa esiteti, chinthu cha bwana chikaonongeka mlandu umagwera amene anachigwira pomaliza. Komanso ankafuna kuthokoza, ndipo analibe china chothokozera nacho. Anapinda mphira zonse ziwiri, n'kuzikweza m'mwamba, n'kuzimanga ndi waya kunsi kwa galimoto kuti zisakhulenso pansi. Ya kumanzere inagona bwinobwino pa paipi yotulutsa utsi. Anamanga mwaukhondo, nsonga za waya n'kuzipindira m'kati.

M'mawa kunali chifunga ndi mphepo ya m'mapiri. Kutsogolo kunakwera a Reinford ndi a Kalisto, mkulu wa kampeni yawo, amene ankalankhula pa chimkuzamawu. Kumbuyo kwa galimoto kunadzaza katundu wa msonkhano. Wodwala malo ake anali mu ngolo. Elifala anayala mphasa, anagonekapo Tabita, n'kumufunditsa bulangete lawo. Mayi wina woyandikana nawo nyumba anafuna kuperekeza, koma inali nyengo yosankha fodya ndipo m'shedi simunkachoka munthu.

Atangotsika phiri loyamba, Elifala anayamba kumva phokoso pathabwa, ngati matalala padenga la malata. Sanaliganizire. Manja ake onse anali pamutu pa mkazi wake.

"Tafika?" anafunsa Tabita.

"Tatsala pang'ono, mayi. Gonani."

Patsogolo pa Bowe galimoto inaima mwadzidzidzi. A Kalisto anatsika akununkhiza.

"Olemekezeka, chikupsa china chake. Kapena ndi mitima ya otsutsa?"

Anawerama kumbuyo kwa galimoto, ndipo nthabwala inathera pomwepo. Mphira ya kumanzere inali itapsa n'kuduka, n'kutsala kachidutswa kofuka utsi pa waya. Yambiri inagwera kwina m'njira. A Reinford anayang'ana mphirayo, kenako anatembenukira kuthabwa. Nkhope inali ndi zipsera ngati ya munthu amene anadwalapo nthomba. Dzino limodzi lakutsogolo linachoka, panatsala thabwa loyera. Diso lakumanzere linabooka.

"Wamanga waya uyu ndani?"

Elifala anatsika mu ngolo. "Ndine, bwana. Zimakhula pansi. Ndimati zingathe."

"Umati zingathe."

"Inde, bwana."

"Kalisto, wamva? Amati zingathe. Injiniya tili naye pa esiteti, ife n'kumavutika kupita ku Lilongwe."

A Kalisto anaseka pang'ono, akuyang'ana kaye nkhope ya bwana yeniyeniyo ngati ikulola.

A Reinford sanakweze mawu. Anatulutsa mpango m'thumba, anaunyowetsa ndi malovu, n'kupukuta pamene panali dzino. Palibe chinabwerera.

"Ukudziwa kuti lero kukhala mafumu? Akaona munthu wopanda dzino chonchi, wa diso limodzi, avotera ameneyu? Iwe wakutuma ndani? Mlamu wako uja amavala malaya a chipani china uja?"

"Ndilibe mlamu kuno, bwana. Pepani. Mukandilange tikabwerako. Mayiwa akutaya magazi."

"Masula inayo."

Elifala anamasula mphira ya kumanja, inagwa n'kulendewera monga kale. Kumanzere kunalibe kanthu.

"Tsono mbali iyi?" anafunsa a Reinford. "Miyala ndiiuze kuti idikire?"

Mayi wina wosenza nkhuni anadutsa, anagwada pang'ono popereka moni, anasuzumira mu ngolo, n'kufulumiza mapazi.

A Reinford nawonso anasuzumira. "Wagonera chiyani mkazi wako?"

"Mphasa, bwana."

"Itulutse. Uphimbe nkhopeyi."

Elifala anayang'ana mkazi wake mu ngolomo.

"Sindikukakamiza," anatero a Reinford. "Masiku ano ndi a demokalase, aliyense amasankha. Mphasa ikhale pathabwa, tipite. Kapena mutsike nayo pompano, mudikire galimoto ina. Mwina idutsa mawa."

Elifala anayang'ana msewu. Kumtunda kunali fumbi lawo lomwe, likutsika pang'onopang'ono pa udzu. Kumunsi kunalibe ngakhale njinga. Anakwera mu ngolo.

"Mayi, tadzukani pang'ono."

"Tafika?"

"Ayi. Ndikufuna mphasa."

Tabita sanafunse chifukwa. Elifala anamunyamulira mbali imodzi, anasolola mphasa, n'kumugoneka pachitsulo. Chitsulocho chinali chozizira ndi mame, ndipo mayiyo anakoka mpweya ndi mano. Pamphasapo panali banga lalikulu lofiira.

"Mbali imeneyo iyang'ane kunja," anatero a Reinford. "Ingandidetsere penti."

Elifala anamanga mphasa ndi waya yemwe uja. A Kalisto anaigogoda ndi chala, n'kulowetsa chalacho pakati pa mabango.

"Olemekezeka, mphasayi yakalamba. Timiyala ting'onoting'ono tilowa apa."

"Ndiye muikemo bulangete m'kati."

"Bwana," anatero Elifala.

"Chiyani?"

"Akuzizidwa."

"Dzuwa likutuluka ili. Ndipo ukuchedwetsa mkazi wako ndiwe, ine ndilibe wodwala."

Elifala anachotsa bulangete. Anavula malaya ake n'kufunditsa Tabita pachifuwa. Kenako anamasulanso mphasa, anayala bulangete pankhope ija, n'kumanganso zonse. A Reinford anakoka mbali zonse kuona ngati zalimba.

"Waona? Ukafuna umatha ntchito."

Ananyamuka. Tsopano a Reinford ankayendetsa pang'onopang'ono kuti matayala asatole miyala yambiri. Ngolo yopanda katundu imadumpha pa bampu iliyonse, ndipo msewuwo unali mabampu okhaokha. Elifala anakhala pansi, anaika mutu wa Tabita pamiyendo pake, koma msana ndi chiuno zinkamenyeka pachitsulo. Anayesa kulowetsa mkono pansi pake. Mkonowo unachita dzanzi, sanauchotse.

Pa kamsika kena galimoto inaima. A Kalisto anayatsa chimkuzamawu n'kuuza anthu ogulitsa tomato za msonkhano wa masana, za feteleza, za milatho, ndi za chipatala chimene chidzamangidwe kuti amayi asamafere panjira. Anthu anaomba m'manja. Ena anafunsa chimene chabisidwa ndi mphasa, a Kalisto anati akaone okha kumsonkhano.

Tabita anatsegula maso. "Ndani akuyankhula?"

"A Kalisto."

"Ndimayesa abusa." Kenako anati, "Mtedza uja ndausiya padenga. Muuchotse, nkhuku."

"Ndiuchotsa."

Sanalankhulenso. Atafika pamsewu wa tala ngolo inaleka kudumpha, ndipo Elifala anaganiza kuti mkazi wake wapeza tulo.

Pachipatala anatuluka namwino wachikulire ndi machira. Anakwera mu ngolo, anagwira mkono wa Tabita, kenako khosi, kenako anatsegula chikope. Anayang'ana Elifala, amene anali chifuwa pamtunda, fumbi mpaka m'nsidze.

"Ndinu amuna awo?"

"Inde."

"Bambo, atisiya awa. Si kale kwambiri, thupi likadali lofunda." Anawongola miyendo ya Tabita. "Mwabwera ndi chofunda? Tiwafunditse tisanawatsitse, anthu akuona."

Elifala anatsika, anazungulira kutsogolo kwa ngolo, n'kuyamba kumasula waya.

"Iwe, iwe," anatero a Reinford pawindo. "Ukutani?"

"Amwalira, bwana. Ndimafuna bulangete."

A Reinford anazimitsa injini. Anavula chipewa n'kuchiika pamwendo.

"Pepa, Elifala. Zachisoni zimenezi. Mulungu ndiye amadziwa." Anavalanso chipewa. "Koma kutsogoloku tala watha. Ndi miyala mpaka kubwalo. Ukalitenga madzulo kunyumba."

"Nanga maliro, bwana? Pobwerera mutitenga?"

"Mu ngolo ya msonkhano? Mawa ndikaimemo ndikulankhula ndi anthu? Iwenso ganiza. Uone akuchipatala, amadziwa mmene amachitira."

A Kalisto anatsika, anafufuza m'katundu wa kumbuyo, n'kutulutsa nsalu yatsopano ya chipani, ya zija amagawira amayi ovina.

"Tenga iyi, achimwene. Yaulere. Sitingakusiye chonchi ayi." Anamuikira nsaluyo m'manja n'kutsitsa mawu. "Mbali yolembedwayo ikhale pamwamba. Anthu aziona amene wathandiza."

"Zikomo, bwana," anatero Elifala.

Anafunditsa mkazi wake kuyambira kumutu. Nsaluyo inali yaifupi, mapazi anatsala kunja. Iye ndi namwino anamutsitsira pamachira. A Reinford anatuma a Kalisto kuti aone ngati mu ngolo mwatsala magazi, ndipo a Kalisto anapempha ndowa ya madzi kwa mlonda wa pageti. Elifala anagwira machira mbali ya kumiyendo, namwino anatsogola, analowera njira ya kuseri kwa mawodi.