Tsamba lotseguka kwa mwini yekha

Lusungu anakhala pa belo la kaunjika kuseri kwa benchi ya Marjory mumsika wa pa Mzimba boma, laputopu ili pamiyendo. Foni anali ataikoleka pamsomali wa denga, chifukwa ndi pokhapo pomwe netiweki inkagwira. Linali Lachitatu, ndipo ana ake a Sitandade 5 ku Engutwini anali atawasiyira mphunzitsi mnzake.

"Chikuyenda chinthu chakocho, kapena nditereke tiyi wina?" anafunsa Marjory, mnzake wa kuyambira ku pulayimale, uku akupinda masiketi.

"Chikuyenda ngati nkhono. Usandiyankhulitse."

Ntchitoyo inachokera ku koleji ina ya ku Mzuzu, komwe Lusungu ankaphunzira dipuloma ya makompyuta ali kunyumba, n'kumapitako pa holide pokha. Wophunzira aliyense anayenera kupanga webusaiti yaing'ono ya masamba atatu, kulembamo zomwe waphunzira sabata ndi sabata, kuikweza pa intaneti, kenaka kutumiza linki kwa aphunzitsi isanakwane 12 koloko masana a Lachisanu. Phunziro lomweli Lusungu anali atalilephera kale chaka chatha, ndipo lamulo la pakolejipo silinkazungulira: wolephera kawiri phunziro limodzi amachotsedwa.

Kwa ena dipulomayo inali pepala chabe. Kwa Lusungu inali njira yokaphunzitsira ku sekondale, yokapezera nyumba yokhala ndi chitseko chakechake, kutali ndi mudzi wa apongozi. Pamudzipo anali atakhalapo zaka zisanu ndi chimodzi akudikira mwamuna wake Zikani, yemwe anapita ku Joni atanena kuti akungokakhala miyezi isanu ndi umodzi.

Masabata asanu anaivutikira webusaitiyo. Ankatchaja laputopu pa sola ya pagolosale, n'kumalemba mpaka batire litatha. Patsamba loyamba anaikapo chithunzi cha mwana wake Providence atanyamula sileti, ndipo mitundu anaisintha kasanu asanakhutire.

Pagalasi panali kamzere kobiriwira kosonyeza kuti mafayilo akukwera pa intaneti. Kanayenda, kanaima, kenaka kanasowa. Lusungu anaganiza kuti kusowa kwakeko ndiye kutha kwa ntchito. Pofuna kutsimikiza, anatsegula webusaiti yake momwe ankaitsegulira masiku onse kunyumba, podina kawiri pa fayilo. Providence anatulukira akumwetulira, masamba onse atatu ali m'malo mwake.

"Yalowa! Taona, Marjory, yalowa!"

"Eee, mwana wathu wafika pa intaneti. Mbwenu azungu amuona lero."

Lusungu anakopera zilembo zomwe zinali pamwamba pa tsambalo n'kutumiza kwa aphunzitsi. Mtima utadzaza, anatumizanso kwa Zikani, pakuti laputopuyo anagula ndi iye. Shopu ya makompyuta ya Amon inali kungodumpha msewu kuchokera pamsikapo, koma munthu amene wapambana safuna womufunsa.

Sipanadutse mphindi khumi, yankho la ku Joni linafika. Anali mawu amodzi okha: "Sizikutseguka."

Lusungu anayang'ana mawuwo, nkhope n'kugwa. Mawu amenewa ankawadziwa bwino. Atatumiza chithunzi cha denga lodontha, sichinatseguke. Atatumiza lipoti la kusukulu la Providence, silinatseguke. Atafunsa kuti abwera liti, netiweki ya ku Joni inavuta sabata yathunthu. Koma zithunzi za ng'ombe za bambo ake zinkatseguka nthawi yomweyo, mpaka ankafunsa kuti yamathothoyo yaonda bwanji.

Marjory anasuzumira n'kuseka. "Foni za amuna a ku Joni zimatsegula uthenga wa ng'ombe ndi wa maliro basi. Ukanaika ng'ombe patsamba loyamba."

"Ngakhale kungonama kuti zakongola, walephera."

"Kaya, tayesa pa foni yakoyo, mwina akunena zoona kamodzi pa chaka."

"Ndiyeserenji chomwe ndikuchiona ndi maso angawa?" anatero Lusungu, akuloza laputopu. Kudepoti galimoto ya matola yopita cha ku Edingeni inali italiza kale hutala kawiri. Anakulunga laputopu m'chitenje, nathamanga.

Lachinayi m'mawa ali m'kalasi, Zikani anatumiza mauthenga awiri a mawu. Lusungu anawaona koma sanawatsegule. "Nayenso alaweko," anatero mumtima, n'kubweza foni m'chikwama. Lachisanu linadutsa iye ali ndi mtendere womwe anali asanaumve chaka chonse. Apongozi ake aakazi atamufunsa ngati sukulu ya pa foni ija yatha, anayankha mwaulemu kuti yatsala pang'ono.

Patatha masabata atatu zotsatira zinatuluka. Pa dzina lake panali ziro, ndipo pambali pake aphunzitsi analemba kuti linki sikutseguka, palibe ntchito yomwe yaoneka. Lusungu anatsegula laputopu. Providence anatulukira akumwetulira monga kale. Anatseka, anatsegulanso, mwana uja anali pomwepo. M'mawa mwake anakwera matola kupita ku boma, ku shopu ya Amon, ali ndi chikhulupiriro kuti olakwa ndi aphunzitsi.

Amon anali bambo wa imvi zoyambirira, wosathamanga poyankhula. Anavala magalasi, anayang'ana linki ija kamodzi kokha, n'kuwavula.

"Madamu, iyi si linki ya pa intaneti. Mwaona ikuyamba ndi C, kenaka dzina lanu? Ikuloza m'kati mwa laputopu yanu yomweyi."

"Koma ikutseguka, adada. Taonani nokha."

"Itseguka kwa inu chifukwa katundu ali m'nyumba mwanu. Kalata munalemba bwino chomene, koma simunaponye ku positi. Aphunzitsi munangowauza dzina la thumba lomwe mwaisungamo."

"Kamzere kaja kanayenda mpaka kanasowa."

"Kanasowa chifukwa netiweki inaduka. Palibe fayilo ndi imodzi yomwe inakwera." Amon anapukusa mutu. "Tsiku limenelo munali kuti?"

"Mumsikamu."

Amon anayang'ana pakhomo, pomwe mabenchi a kaunjika ankaonekera. Lusungu anamva yekha mumtima mwambi womwe bamboyo anaumeza, wa safunsa uja anadya phula.

Anatuluka pakhonde n'kuimbira aphunzitsi a ku koleji. Anafotokoza zonse, anapepesa, ananena kuti ntchito ilipo yonse ndipo angathe kukwera basi lero lomwe kukawaonetsa.

"Mayi, ndikumva chisoni, koma nthawi inatha," anatero aphunzitsiwo. "Theka la phunziroli linali kupanga, theka lina kukweza pa intaneti kuti wina aliyense aone. Ndinalemba m'malangizo kuti muyese linki pa foni ina musanatumize. Palibe amene anakuuzani kuti sikutseguka?"

Lusungu akukumbukira mawu amodzi aja a ku Joni, aphunzitsiwo anapitiriza.

"Malikisi anapita kale ku ofesi. Kalata yanu muilandira mwezi uno."

Atabwerera m'shopu, Amon anali atakhala kale pa laputopu ija. "Tiikwezebe, madamu. Ntchito yabwino ngati iyi isafere m'thumba."

Lusungu anangoima n'kumayang'ana kamzere kobiriwira kakuyenda osaima mpaka kumapeto. Zinatenga mphindi zisanu. Amon analemba linki yatsopano pa foni yake n'kumupatsa kuti aone, ndipo Providence anatulukira m'manja mwa munthu wina kwa nthawi yoyamba. Apa ndi pomwe Lusungu analira. Ziro uja sanamulize, koma mphindi zisanuzo zinamuswa mtima, poganiza kuti zaka ziwiri za sukulu zatha chifukwa cha kanthu kochepa chonchi.

Marjory anamupeza atakhala pa sitepe ya shopu, chitenje chili kumaso. Atamva nkhani yonse, nthabwala zake zinauma.

"Pepa, mnzanga. Nanenso ndinakusokoneza ndi pakamwa pangapa."

"Iwe unati ndiyese. Ndine ndinakana."

"Nanga sungayambirenso?"

"Akakuchotsa, akuchotsa. Madzi akatayika saoleka."

Marjory anabwerera ku benchi yake poti kunali ogula. Lusungu anatulutsa foni, nafufuza mauthenga awiri aja omwe anakhala masabata atatu osatsegulidwa. Anaika foni kukhutu. Kumbuyo kwa mawu a Zikani kunkamveka makina osakaniza simenti.

"Anyina Providence, ndayesa pa foni yanga, ndayesanso pa ya Tonny amene ndimagona naye chipinda chimodzi. Sizikutseguka ndithu. Musaganize kuti ndi zija za masiku onse."

Wachiwiri unali wa 10 koloko m'mawa womwewo wa Lachinayi.

"Ndapempha chilolezo kwa kapitawo, ndathamangira ku shopu ya makompyuta kuno. Akuti chinthucho sichinachoke m'laputopu. Ndapota, pitani ku boma lero mukafunse, mawa lisanafike. Mwavutika nayo chomene sukuluyi."

Lusungu anamvetsera uthengawo kachiwiri. Panali patatsala tsiku lathunthu ndi maola awiri. Matola a ku boma ankadutsa pa sukulu yake katatu pa tsiku. Munthu yemwe anamunamiza zaka zisanu ndi chimodzi ananena zoona kamodzi, ndipo kamodzi komweko iye anatseka khutu.

Kuja ku Joni Zikani ayenera kuti anaona kuti mauthenga ake atsegulidwa, chifukwa foni inanjenjemera nthawi yomweyo.

"Mwamva tsopano? Zinatheka?"

Lusungu anayamba kulemba, anafufuta. Anayambanso, anafufutanso. Kudepoti galimoto ya ku Edingeni inaliza hutala, yomwe ikamutsitse panjira ya kwa apongozi, komwe madzulo amenewo ankayembekezeka kukatunga madzi. Anakulunga laputopu m'chitenje, naimirira. Asanaike foni m'chikwama analemba mzere umodzi n'kutumiza.

"Kuno netiweki ikuvuta."